Lipoti la ntchito: Hilux ya 2KD yomwe oilo wake ankathera m'madzi

Galimoto yake ndi Toyota Hilux ya 2008, injini ya dizilo ya 2KD-FTV, ya malita 2.5, magiya osinthira pamanja. Pofika pagalaja pathu ku Biwi mu Lilongwe, mita inali itadutsa pang'ono makilomita 310,000. Eni ake ndi bambo achikulire ochita geni ya soya ndi mtedza. Galimotoyo imayenda pakati pa Mchinji ndi Lilongwe, kawirikawiri itasenza matumba mpaka kumbuyo kugwada, ndipo amene amaiyendetsa ndi mwana wa achemwali awo.

Madandaulo anali awiri. Oilo ankatsika: akathira kufika pa chizindikiro cha pamwamba pa dipstick (kawaya koyezera mulingo wa oilo), poyenda makilomita pafupifupi 1,000 ankafunika kuwonjezera lita yathunthu, pomwe pansi pamene galimoto imagona panalibe ngakhale dontho. Kenako m'kathanki ka madzi munayamba kuoneka zinthu zabulawuni, zonanda, zomata chala. Anali atapita kale pa galaja ina kumene anawauza kuti gasiketi ya hedi (chomatira pakati pa mutu wa injini ndi thunthu lake, buloko) yapsa, hedi itsitsidwe ikapalidwe. Mtengo atawumva anaganiza zofunsanso kwina.

"Amisiri, ndiuzeni chilungamo," anatero bambowo. "Hedi imeneyi itsegulidwe kapena ayi? Nyengo yogula soya ndi inoyi. Galimoto ikagona pano nthawi yaitali, ine ndagwa nayo."

Ndinawayankha kuti, "Bambo, yankho sindingakupatseni ndisanayeze. Mundisiyire galimoto pamodzi ndi adalaivala kaye, ndili nawo mafunso."

Zimene dalaivala ananena

Pa nkhani ngati iyi munthu amene amakhala pa chiwongolero amadziwa zambiri kuposa mwini galimoto, kungoti safunsidwa. Ndinamufunsa ngati geji ya kutentha inafikapo pofiira. Anati ayi, koma masiku omalizawa singano inkasuntha pang'ono akamakwera chitunda ndi katundu. Kulira m'mawa inkalira kamodzin'kamodzi, osatsokomola, osagwedezeka. Utsi woyera sanauonepo. Mphamvu zinalipo monga kale.

"Nanga madzi mukuwonjezera kangati, achimwene?"

"Madzi sitikuwonjezera ayi. Akuchita kusefukira okha. Ndikatsegula boneti ndimapeza atuluka pa kapaipi kaja, ataipitsa pambali ponse."

Yankho limeneli linali lalikulu kuposa zonse. Injini imene gasiketi yake yapsa pakati pa silinda ndi njira za madzi imadya madzi, kapena imawakankhira kunja ndi mpweya wa m'silinda mpaka m'rediyeta kutsala mphako, ndiye imatentha. Iyi inali yosiyana. Madzi ankatuluka, koma thanki siinkaphwa. Kutanthauza kuti panali chinthu chimene chinkalowa n'kutenga malo a madziwo, ndipo chinthucho chinali oilo yemwe uja ankasowa m'sampu, beseni la pansi pa injini losungira oilo.

Ndinafunsanso chimene amathira m'rediyeta. Anati paipi ya pansi itaphulika chaka china ali kumudzi, anamanga ina n'kudzaza madzi a pa mjigo, ndipo kuyambira pamenepo ndi madzi okhaokha, a pa mjigo kapena a pa mpopi. Coolant, madzi a mankhwala othira m'rediyeta, sanagulenso.

Zimene tinaona tisanamasule bawuti

Injini itazizira tinatsegula kathanki. Pamwamba panali chinthu chokhuthala ngati chiponde chosungunulira madzi, chofikira chala chonse, ndipo pansi pake panali madzi ofiirira a dzimbiri. Fungo lake linali la oilo wa injini ya dizilo, ndipo mtundu wake unkadera ku imvi chifukwa cha mwaye umene oilo wa dizilo amanyamula. Mtunduwu ndi wofunika kuusamala. Pa galimoto ya otomatiki, oilo wa giyabokosi amazizira mu kapaipi kodutsa m'munsi mwa rediyeta, ndipo kapaipiko kakaboola zosakanikirana zake zimakhala zapinki. Anthu ambiri atsitsitsa mahedi abwinobwino chifukwa cha rediyeta yotere. Pa Hilux iyi njira imeneyo kunalibe, poti ndi ya magiya a pamanja.

Kumbali ya oilo zinthu zinali bwino modabwitsa. Dipstick inatuluka yakuda bii monga mwa masiku onse, yopanda mizere yotuwa. Kunsi kwa chotsekera cha pothirira oilo kunalibe zoyerayera. Zoyerayerazo, ndinenepo pang'ono, sizitanthauza gasiketi nthawi zonse: galimoto yoyenda maulendo aafupi m'tawuni m'mwezi wa June kapena July imatha kukhala nazo chifukwa cha chinyezi chabe, poti injini siitentha mokwanira kuti nthunzi ituluke. Galimoto itagona usiku wonse, m'mawa tinamasula pang'ono bawuti ya sampu osaichotsa. Madzi ndi olemera kuposa oilo, ndiye akakhalamo amayamba ndi iwo kudontha. Panatuluka timadontho tiwiri kapena titatu tooneka ngati madzi, kenako oilo. Tinatenga oilo pang'ono n'kumudonthezera pa chitsulo chotentha: anathetheka mwa apo ndi apo, pang'ono kwambiri. Madzi m'oilo analimo, koma ochepa zedi poyerekeza ndi oilo amene anali m'madzi.

Kunja kwa injini tinatsuka n'kuunika ndi tochi. Panali chinyontho chochepa pa chivundikiro cha mavavu, chosakwana kufotokoza lita yathunthu. Tinamasula paipi yochoka ku tebo, chipangizo chokankhira mpweya m'injini: munali kachinyezi ka oilo monga mmene zimakhalira pa injini ya makilomita otere, koma osati dziwe, ndipo shafiti ya tebo siinkagwedera. Titachotsa chotsekera cha oilo injini ikulira, mpweya wotuluka pamenepo unali wochepa. Choncho maring'i a mapisitoni ndi tebo tinasiya kuzikayikira.

Mbali imene zinthu zikulowera

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse, ndiye ndichedwepo.

M'injini muli zinthu zitatu zoyenda ndi mphamvu zosiyana, zolekanitsidwa ndi zitsulo zopyapyala ndi magasiketi. Mpweya wa m'silinda ndiye wamphamvu kopambana, pa dizilo umadutsa 100 bar (bar ndi muyeso wa pulesha) moto ukayaka. Oilo amakankhidwa ndi pampu, ndipo injini ikamathamanga amafika pa 3 kapena 4 bar, m'mawa ali wozizira amaposa pamenepo. Madzi ndiwo ofooka: chotsekera chake chimalembedwa 0.9 kapena 1.1 bar, ndipo akapyola pamenepo chimatseguka chokha. Pakaboka penapake, champhamvu chimalowa kwa chofooka. Mpweya wa m'silinda umalowa m'madzi. Oilo wa m'njira zopanikizika amalowa m'madzi. Madzi amalowa m'oilo pokhapokha pamene akumana ndi oilo wopanda mphamvu, monga m'mabowo obwerera ku sampu, kapena injini ikazimitsidwa.

Mfundo yomalizayi ndiyo inafotokoza timadontho tija ta m'sampu. Mukazimitsa injini, pulesha ya oilo imagwa nthawi yomweyo kufika pa ziro, koma madzi amakhalabe otentha ndi opanikizika kwa kanthawi. Pa mphindi zimenezo bowo lomwe lija limagwira ntchito mobwerera, madzi pang'ono n'kudutsira ku oilo. Oilo wambiri m'madzi, madzi ochepa m'oilo: chithunzi chimenechi chimaloza pamalo pamene oilo wopanikizika wayandikana ndi madzi. Pa 2KD malo otere ndi atatu. Pali oil cooler, kachipangizo koziziritsa oilo ndi madzi a injini, pali pamene njira ya oilo imadutsa pa gasiketi kukwera ku hedi, ndiponso pali mng'alu wa mu buloko kapena mu hedi. Pa zitatuzi, chotsika mtengo kuchifikira, komanso chimene chimawonongeka kawirikawiri pa injini yoyendera madzi wamba, ndi oil cooler.

Kuyeza

Tisanapite kumeneko tinafuna kutsimikiza kuti mpweya wa m'silinda sukulowa m'madzi. Tinakatapa zonanda zija, n'kuthira madzi oyera, n'kuliza injini mpaka itatentha. M'kathanki simunatuluke thovu lotsatizana, ndipo paipi ya pamwamba siinaume gwa injini ikadali yozizira, monga imachitira gasiketi ikapsa. Kenako tinaika chida choyezera mpweya wa utsi pakamwa pa thanki. Chidachi chimakhala ndi mankhwala a buluu amene amasintha mtundu akakumana ndi mpweya wochokera m'silinda. Pa petulo amasanduka achikasu, pa dizilo nthawi zambiri amangopita ku mtundu wobiriwira, ndiye pamafunika diso. Tinapopa injini ili pa aidilo, tinapopanso dalaivala ataponda mafuta. Anakhalabe a buluu. Pofuna kutsimikiza kuti mankhwalawo sanasukuluke, ndinawapumira ndekha mpweya wa m'kamwa, ndipo anasintha mtundu nthawi yomweyo.

Kompuresheni, mphamvu imene silinda imapanikizira mpweya, tinayezera m'mabowo a ma glow plug, timapulagi totenthetsa silinda poliza injini. Masilinda onse anayi anawerenga pakati pa 25 ndi 27 bar, kusiyana kwake kochepa. Nsonga za ma glow plug zinali ndi mwaye wofanana. Silinda imene mukulowa madzi imadziwika chifukwa nsonga yake imatuluka yotsukika kuposa zinzake. Geji ya pulesha ya oilo inaonetsa kuti pampu ndi mabeyaring'i zikadali bwino, injini ili yotentha.

Tinapopanso mpweya m'njira za madzi kufika pa 1.1 bar injini itazima. Singano inatsika pang'onopang'ono, kunja osaoneka podontha.

Zonsezi sizinayeretse gasiketi kotheratu, ndipo ndinawauza bambowo choncho. Gasiketi itha kutayitsa oilo kupita m'madzi pomwe mphete zake zozungulira masilinda zili zolimba, ndipo zikatero mankhwala a buluu aja sasintha, kompuresheni nayo imaoneka yabwino. Chimene kuyezaku kunatipatsa ndi chifukwa chokwanira choyambira ku oil cooler. Tinagwirizana kuti ikapezeka yabwino, hedi itsika, ndipo ndalama ya ntchito yoyambayi siikhala yotayika poti zina zimene timasula pofika ku cooler zimayenera kumasulidwa ndithu potsitsa hedi.

Oil cooler pa benchi

Pa injiniyi oil cooler ili m'mbali mwa buloko, kumbali kolowera mpweya, kuseri kwa chivundikiro chimene chimanyamulanso fyuluta ya oilo. Ndi timapuleti tachitsulo tosanjikizana. Oilo amayenda m'kati mwake, ndipo tonse timakhala tomira m'madzi a m'buloko. Kuti muifikire pamafunika kuchotsa zinthu zingapo za mafuta. Common rail, paipi yogawira dizilo ku mainjekitala, imagwira ntchito pa mphamvu yopitirira 1,300 bar ndipo kamchenga kamodzi n'kokwanira kupha injekitala, choncho paipi iliyonse imene tamasula tinaitseka kukamwa nthawi yomweyo. Pagalaja ya fumbi ngati zathuzi, chimenechi si chosewera nacho.

Chivundikiro chitachoka, zimene tinaona m'kati mwa buloko zinali matope a dzimbiri osakanikirana ndi oilo, odzaza m'mipata ya timapuleti. Titatsuka cooler ndi kuiwumitsa, chitsulo chake chinaoneka chodyekadyeka, timaenje ting'onoting'ono ponseponse, makamaka m'munsi mmene matope ankakhazikika. Bowo lenileni silinkaoneka ndi maso.

Tinadula kachitsulo kafulati, n'kuyala labala wa chubu chakale, n'kutseka khomo limodzi la oilo. Pa khomo linalo tinamangapo vavu ya tayala, n'kupopa kufika pa 4 bar. Titaimiza m'ndowa ya madzi ozizira kunkatuluka kathovu kamodzi, n'kudikira, kenako kena, moti munthu akanatha kunena kuti ndi mpweya wotsalira m'mipata. Tinasintha n'kuthira madzi otentha kwambiri. Chitsulo chitafunda, m'mphepete mwa puleti yachiwiri kuchokera pansi munayamba kutuluka mzere wa timathovu tosalekeza, wopyapyala, wowongoka mpaka pamwamba. Tinaika chizindikiro ndi choko, ndipo titayang'ana ndi galasi lokulitsa panali kamng'alu kochoka pa limodzi la timaenje tija. Ndinawaitana bambowo kuti adzaone okha thovu likutuluka, chifukwa munthu amene wauzidwa kale kuti ndi gasiketi savomera msanga mawu a mmisiri wachiwiri.

Anayang'ana kwa kanthawi, kenako anati, "Ndiye kachitsulo aka ndi kamene kamafuna kunditsitsira hedi?"

"Komweka, bambo. Koma kanadyedwa ndi madzi amene mumathira aja."

Chimene chinadya chitsulo

Ambiri kuno amati coolant ndi wa kumayiko ozizira kumene madzi amaundana, ife tilibe naye ntchito. Kuletsa kuundana ndi gawo limodzi chabe. M'coolant muli mankhwala oteteza zitsulo ku dzimbiri, ndipo injini ngati iyi ili ndi zitsulo zosiyanasiyana zomira m'madzi amodzi: buloko ya chitsulo, hedi ndi rediyeta za aluminiyamu, cooler, pampu ya madzi. Zitsulo zosiyana zikakhala m'madzi okhala ndi mchere zimadyana, ndipo madzi a m'mijigo yambiri ali ndi mchere ndi laimu wokwanira kufulumizitsa ntchitoyo. Laimu amamatanso m'timachubu ta rediyeta. Kuwonjezera apo, Lilongwe ili pamtunda wa mamita opitirira 1,000, kumene madzi osapanikizidwa amawira asanafike madigiri 100. Chimene chimawathandiza kupirira ndi chotsekera chabwino pamodzi ndi coolant. Chotsekera cha galimotoyi labala wake anali atafufuma ndi oilo, sichinkagwiranso pulesha yake, ndipo n'chifukwa chake singano inayamba kusuntha pa zitunda. Oilo womata m'kati mwa rediyeta naye amaletsa kutentha kutuluka.

Akanatsitsa hedi, akanawononga gasiketi yatsopano, mwinanso mabawuti a hedi, lamba wa taiming'i, ndi malipiro a kopala. Gasiketi ya 2KD imabwera mu makulidwe angapo ndipo imasankhidwa poyeza mmene mapisitoni akutulukira pamwamba pa buloko. Ambiri sayeza, amangogula imene ili pa shelefu. Pamapeto pake galimoto ikanabwerera pamsewu ndi cooler yomwe ija, oilo n'kuyambanso kuyandama m'thanki, aliyense n'kumaloza chala wopala hedi.

Kukonza ndi kutsuka

Cooler tinaika yatsopano ndi magasiketi ake atsopano. Yakale yochotsa pa injini ina ikanatsika mtengo, koma simungadziwe madzi amene inamwa, ndipo mukaigula muyenera kuiyeza m'madzi otentha musanamange. Kuwotcherera sitinakuganizire n'komwe, poti pambali pa mng'aluwo panali timaenje tina tambiri tongodikira nthawi.

Ntchito yotopetsa inali yotsuka. Oilo akalowa m'njira za madzi amafika paliponse, mpaka mu hita ya m'kati mwa galimoto. Rediyeta tinaichotsa n'kuitsuka payokha, hita tinaitsuka payokhanso pokankha madzi mobwerera, ndipo buloko tinaitsuka cooler isanamangidwe, mpata ukadali wotseguka. Titamanga zonse, tinachotsa kaye themositati, n'kuthira mankhwala otsukira oilo m'rediyeta, kuliza injini mpaka kufunda, kukhetsa, kubwereza mpaka madzi atayamba kutuluka oyera. Sopo wa ufa wochapira zovala amene ena amathira amachita thovu lambiri, ndipo pampu ikamazungulira m'thovu siikankha madzi. Soda wowotcha uja amadya aluminiyamu. Dizilo ndi palafini zimasungunula oilo ndithu, koma zimamaliza labala amene watsala.

Mapaipi a madzi amapangidwa ndi labala wopirira kutentha koma wosapirira oilo. Onse awiri aakulu anali atafewa, ukawafinya ngati akufuna kumata, ndipo tinawasintha pamodzi ndi a ku hita. Tinasinthanso themositati, chotsekera, ndi kathanki kamene, chifukwa m'makona ake zonanda sizinkachoka. Pomaliza tinathira coolant wofiira wa mtundu wa long life, wosakaniza theka ndi theka ndi madzi oyeretsedwa opanda mchere (distilled), osati a pa mpopi, n'kutulutsa mpweya wonse. Zokhetsa zonse tinazisunga m'zigubu. Coolant amatsekemera koma ndi poizoni, galu kapena mwana akamwa impso zimawonongeka, ndiye si wotayira m'ngalande.

Oilo ndi fyuluta tinasintha, ndipo tinapangana kuti asinthenso msanga, atayenda makilomita 1,000 okha, kuti chinyezi chotsalira chichoke. Madzi kapena coolant akakhalitsa m'oilo amawononga mabeyaring'i. Oilo atakhetsedwa tinalowetsa kakamera pa bowo la sampu kuti tione sefa ya pampu. Injini za 2KD ndi inzake ya 1KD zimadziwika ndi vuto la mawashala a kunsi kwa mainjekitala: akayamba kutayitsa, mpweya wa m'silinda umapsereza oilo, makala ake n'kukatseka sefayo mpaka injini kugwira. Sefa ya iyi inali yoyera pafupifupi yonse. Sitinakhudze mainjekitala, koma tinalemba pa khadi kuti mawashalawo asinthidwe pa ntchito ya lamba wa taiming'i, amene pa injiniyi amasinthidwa pa makilomita 150,000 alionse ndipo nthawi yake inali itadutsa kale.

Zotsatira

Titayesanso pulesha ya njira za madzi, singano inaima osatsika. Pamsewu wa Mchinji, galimoto itasenzedwa, geji ya kutentha inakhala pamalo amodzi.

Dalaivala ndinamuchenjezeratu kuti kwa kanthawi aziona kamafuta kopyapyala kakuyandama m'thanki, kotsalira m'makona amene kutsuka sikufika. Ndinamuonetsa kusiyanitsa kwake: zotsalira zimachepa tsiku ndi tsiku ndipo dipstick siisuntha, pomwe bowo latsopano limabweretsa zonanda zochulukirachulukira, oilo n'kumatsika. Azipukuta ndi kansalu koyera injini itazizira, osatsegula chotsekera ili yotentha.

Atabwera kudzasintha oilo pa makilomita 1,000 aja, dipstick inali pamalo pomwe tinaisiya. M'thanki munali kamzere kochepa ka mafuta m'mphepete, coolant ali wofiira bwinobwino, mulingo wake osakwera osatsika. Pa bawuti ya sampu sipanatuluke madzi, ndipo oilo pa chitsulo chotentha sanathetheke. Gasiketi ya chivundikiro cha mavavu ikadali ndi chinyontho chake chochepa. Imeneyo isinthidwa pamodzi ndi mawashala a mainjekitala ndi lamba, ndipo pampu ya madzi, imene yayenda nthawi yaitali m'madzi a dzimbiri ndi oilo, tidzaichotsanso tsiku lomwelo.